Chidindo cha Ababa Pansi pa Madzi

Loweruka m'mawa, nyali za pamwamba pa thanki zitangoyaka, Kadontho anaona kuti Mphanda yayamba kuyera kunsi. Anapukuta galasi ndi mkono wa malaya poganiza kuti mwina ndi nthunzi chabe, koma kuyerako kunali m'kati mwa madzi.

Mphanda inali korali, chamoyo cha m'nyanja ya mchere chimene chimamera nthambi zolimba ngati mwala. Bambo ake anabwera nayo zaka khumi ndi zinayi zapitazo m'kabotolo ka jamu, ili kachidutswa kosaposa chala chaching'ono, kogawikana pawiri kunsonga, ndipo dzina linachokera pomwepo. Tsopano inali itatambasuka pakati pa thanki yagalasi ya pabalaza, yobiriwira m'nthambi, yabuluu kunsonga, tinsomba tikusewera chibisalirano m'kati mwake. Bambowo anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Kuchipatala, pomwe anthu ena amasiya mawu a nyumba ndi katundu, iwo anagwira dzanja la mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo n'kumuuza kuti Mphanda asadzaiphe ndi ulesi, komanso asadzaiphe ndi chikondi. Kadontho anavomera akulira, osamvetsa bwino mbali yachiwiriyo.

Dzina loti Kadontho anamupatsa ndi bambo ake omwewo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankakwera pa mpando n'kumawerenga madontho a mankhwala oyezera madzi, lilime lili panja, ndipo akasokonezedwa ankalira n'kuyambiranso. Tsono m'mawa umenewo anachita zomwe anaphunzitsidwa, kufunsa kaye madzi, maso pambuyo. Anayeza mchere, unali wokwanira. Anayeza kutentha, kunali momwe kumakhalira masiku onse. Anawerenga madontho mpaka madzi a m'kabotolo anasintha mtundu pa nambala yake yeniyeni. Madzi analibe mlandu. Atatenga galasi lokuzira zinthu anaona kuti pakhungu la Mphanda pali timawanga toyera, tozungulira, ngati kuti chinachake chakhala chikuluma pang'onopang'ono n'kumasuntha.

"Mwanawe, mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero?" anafunsa mayi ake akudutsa ndi kapu ya tiyi. Umo ndi momwe ankaitchulira thankiyo kuyambira kalekale, moseka koma mosaseka. Kadontho anaima motchinga galasi n'kuyankha kuti wadzuka bwino.

*

Munthu amene akanadziwa matendawo pongoyang'ana analipo, koma dzina lake silinkatchulidwanso m'nyumbamo. Onse ankamutcha Wamchere. Anayamba kubwera zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, atasenza matumba a mchere wa m'thanki kuchokera kusitolo ya nsomba zoweta. Bambo ake a Kadontho, omwe sankalola mlendo kutuluka asanamve mbiri ya nsomba iliyonse, anamugwira tsiku loyamba lomwelo kwa maola atatu. Alendo ena akatero ankathawiratu, moti ngakhale wowerenga mita ya magetsi ankalowera kuseri. Iye anabweranso Loweruka lotsatira popanda thumba lililonse, kuti adzamve pomwe nkhani inathera.

Masiku amenewo Loweruka linali ndi fungo lake. Pabalaza pankamveka mchere ndi matawulo onyowa, wailesi ikulira chapansipansi, mapaipi atapiringizana pansi, mayi akudandaula kuti kapeti yawo idzaola iwo akuona. Kadontho ankanyamula zidebe, Wamchere ankasakaniza madzi, bambo atapinda malaya mpaka m'mapewa ankalamula ngati woyendetsa sitima. Bambo atapita, Wamchere anapitiriza kubwera, ndipo zidebe zomwe kale zinkatha ola limodzi zinayamba kudya masana onse. Palibe amene anafunsira mnzake. Zinangochitika kuti tsiku lina mayi analowa n'kupeza manja awiri ali m'chidebe chimodzi, akutakasa mchere womwe unali utasungunuka kalekale.

Madzulo ake mayi anamuperekeza Wamchere mpaka pageti, chinthu chomwe anali asanachitepo, n'kumuthokoza ndi ulemu woopsa chifukwa cha zonse zomwe anawachitira malemu. Anamuuza kuti ntchito yatha, thanki mwana wawo akuidziwa. Iye anangoti zikomo n'kumapita, ndipo kungoti zikomo kumeneko Kadontho kunamuwawa kuposa mawu a mayi ake. Panali patapita miyezi inayi tsopano.

Pa mpando womwe ankakhalapo Wamchere panayamba kukhala Adokotala a mano, omwe chaka chatha anawachotsa mayi dzino lobowoka n'kuwatengeratu ndi mtima womwe. Anali munthu waulemu, wa nsapato zowala, wosafika chimanjamanja. Vuto lawo linali limodzi, loti munthu akamalankhula iwo ankayang'ana mano osati maso. Miyezi iwiri yapitayo anabwera ndi mphatso m'thumba la pulasitiki lodzaza madzi. Anali korali wofiirira, wa mtundu wa Mphanda womwewo, wochokera m'thanki ya m'chipinda chawo chodikiriramo odwala.

Lamulo la bambo Kadontho ankalidziwa ngati dzina lake. Mlendo aliyense wa m'madzi asambe kaye m'mankhwala, kenako agone m'kathanki kapadera milungu inayi anthu akumuyang'anitsitsa, ndiye alowe m'nyumba yaikulu. Koma kathanki ka alendoko mayi anali atakapereka kwa Wamchere maliro atatha, ndipo tsiku limenelo mayi anaseka mpaka kupukuta misozi pomwe Adokotala anamiza wotchi yawo poika mphatsoyo pafupi ndi Mphanda. Chichitikireni maliro Kadontho anali asanamvepo kuseka kumeneko. Anatseka pakamwa.

Anajambula thankiyo n'kuika chithunzi pafoni kuti anzake aone. Pasanathe mphindi khumi uthenga wa Wamchere unalowa: "Chofiiriracho uchichotse lero lomwe. Ndikudziwa komwe chachokera." Kadontho anapsa mtima. Munthu wolephera kuima pamaso pa mayi n'kunena zakukhosi, lero afune kulamula zolowa m'nyumba ya eni? Anamuyankha kuti nsanje yakeyo aisunge m'chidebe kwawo. Wamchere anawerenga, sanayankhe, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni inangoti zii.

*

Lamlungu masana Adokotala anabwera ndi zipatso monga mwa nthawi zonse. Kuyera kuja kunali kutakwera nthambi ina, moti kunali kosabisikanso, ndipo Kadontho anawasonyeza. Anawerama, manja kumbuyo, n'kuyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope yomwe mwina amaonetsa odwala asanawauze kuti dzino lichoke. Kenako ananena kuti mwina ndi nyali, kapena ukalamba basi. Kwawo zoterezi amaona ndi mnyamata wina amene amabwera Lachinayi, dzina lake analiiwala.

"Musadandaule nazo," anatero akumwetulira. "Ikafa ndikuitanitsirani ina, yaikulu kuposa iyi. Zimabwera pa ndege masiku ano."

Mayi anati umenewo ndiye mtima wabwino, ngakhale mawu awo anatuluka ofooka. Kadontho anamwetulira nawo chifukwa analeredwa bwino, koma mumtima anali atawafufuta kale. Anakumbukira bambo ake atagwada pa kapeti tsiku lomwe Mphanda inabwera, akukanda phala lomatira m'manja mpaka litafewa, kenako akulikanikiza ndi chala chachikulu kuzungulira kachidutswa kaja kuti kaime pa mwala wake. Chalacho chinasiya chidindo. Phalalo linauma n'kulimba ngati simenti, ndipo mpaka lero, munthu akayang'ana chakumanzere kunsi kwa tsinde, kadzenje ka chala cha bambo kankaoneka, mizere yake ili mbuu pansi pa madzi. M'mawa uliwonse mayi ankanamizira kupukuta fumbi pagalasi, koma Kadontho ankadziwa chomwe ankasuzumira. Zimenezo sizibwera pa ndege.

Mlendo atapita, mawu oti Lachinayi anamubwerera akutsuka makapu. Wamchere ankakonda kunena kuti Lachinayi amakhala ku thanki ya pachipatala china cha mano, yomwe mwini wake samva malangizo. Ndiye kuti munthu uja anamutsina khutu, iye n'kumulipira chipongwe. Anazimitsa mpopi n'kuima chilili, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

*

Uthenga anaulemba kanayi n'kuufufuta kanayi. Woyamba unali wautali ngati kalata yofunsira ntchito, wachiwiri unali wonyada, enawo anali opanda mutu. Pamapeto pake anangotumiza chithunzi cha timawanga toyera tija, popanda mawu.

Yankho linabwera msanga ngati kuti foni inali m'manja miyezi iwiri yonseyo. Sanamupatse moni, sanakumbutsenso zakale. Anamufunsa ngati akuona tizilombo tachikasu ta kadontho kofiira, tating'ono ngati fumbi, tikuyenda panthambi. Kadontho anati ayi. Anafunsa ngati pamiyala pamera timaluwa tofewa tooneka ngati galasi, tija timaotcha makorali oyandikana nato. Anati ayi. Ndiye anamuuza kuti azimitse mapampu onse, adikire madzi achite bata, atenge chopopera cha labala cha bambo n'kupopera madzi mwamphamvu kunsi kwa nthambi yodwalayo, maso ali pomwepo.

Kadontho anachita zomwezo. Kupopera koyamba sikunatulutse kanthu. Kachiwiri, kachigamba ka khungu la Mphanda kanamatuka n'kuyamba kuyandama, kakudzipinda ndi kudzitambasula. Sikanali khungu ayi. Kanali kanyongolotsi kophwatalala ngati kanjere ka dzungu, kovala mtundu weniweni wa Mphanda, moti kakanakhala phee munthu akanakayang'ana chaka chathunthu osakaona. Kenako kanamatuka kena, ndi kenanso.

"Ndaziona," analemba.

"Zimadya korali wa mtundu umenewo wokha, ndipo sizipuma. Ukachedwa milungu itatu utsala ndi mwala. Ndibwere?"

"Amayi ali pompano."

"Ndikufunsa za Mphanda."

Mawu amenewo anawayang'ana nthawi yaitali. Anamubaya, ngakhale ankadziwa kuti anawaputa yekha. Anamuyankha kuti abwere mawa iye akaweruka.

*

Anafika dzuwa likadalipo, atanyamula zidebe ziwiri ndi kachikwama ka zida, ataonda pang'ono, tsitsi atameta. Mayi ndi omwe anatsegula chitseko. Wamchere anaika zidebe pansi, n'kuwapatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti wabwera kudzaona wodwala, akatha apita. Mayi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana thanki yomwe kuyera kwake tsopano kunkaonekera ngakhale pakhomo, n'kupatuka kuti alowe.

Wamchere sanafunse komwe kuli zinthu. Anapita yekha pansi pa sinki n'kutulutsa beseni loyera la bambo, lija lobenthuka m'mphepete, lomwe mayi ankaletsedwa kuchapiramo ngakhale mpango. Bambo ankalikonda chifukwa chilichonse chogwera pansi pake chinkaonekera. Anathiramo madzi a m'thanki n'kupereka kabotolo ka mankhwala kwa Kadontho osamuyang'ana. Iye anawerenga madontho, ndipo anazindikira mochedwa kuti lilime lili panja. Wamchere anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Anayamba ndi mphatso ya Adokotala. Anaiviika n'kumaigwedeza pang'onopang'ono, Kadontho maso ali pa wotchi, chifukwa mankhwalawo ukapitiriza mphindi zake amapha wodwala pamodzi ndi matenda. Pasanathe mphindi zitatu pansi pa beseni panali patada ndi nyongolotsi, zazikulu, zokhuta, zikuphiriphitha. Mayi, omwe ankanamizira kukonza makatani, anasendera pafupi. Anayang'ana m'beseni, anayang'ana korali wofiirira uja, ndipo nkhope yawo inagwa. Wamchere akanatha kulankhula pamenepo, ndipo Kadontho ankafunitsitsa kuti alankhule. Iye anangotsuka koraliyo m'madzi oyera, n'kumuika bwinobwino m'chidebe chakechake, n'kunena kuti nayenso ndi wodwala, alibe mlandu.

Mphanda anainyamula awiri, ndi mwala wake womwe, madzi akuchucha m'zigongono. Chibwerereni m'nyumbamo inali isanatulukepo m'madzi. Inanunkha nyanja, fungo lija bambo ankabwera nalo patebulo m'manja mwawo ngakhale asambe ndi sopo kangati, ndipo Kadontho anawasowa bambo ake mwadzidzidzi. Nyongolotsi zinagwa zambiri, moti Kadontho anayamba kupuma bwino. Koma Wamchere anatenga galasi lokuzira lija, n'kupendeketsa mwala kuti aone kunsi, kenako anakodola Kadontho.

Anamupatsa galasilo. Pomwe khungu linali litadyedwa, patsinde ndi paphala lomatira lija, panali timagulu ta timazira tofiirira ngati shuga wabulawuni, tothithikana. Gulu lalikulu kuposa onse linali m'kadzenje ka chala cha bambo, litadzaza mizere yonse.

Wamchere anafotokoza akuyang'ana pansi. Mankhwala amapha nyongolotsi koma mazira sawakhudza. Aswa pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo nkhondo iyambiranso. Pamalo osalala mazira amapalidwa ndi mswachi kapena kampeni, koma tsinde la Mphanda linali ndi ming'alu yomwe ngakhale singano singafike. Njira inali imodzi yokha. Nthambi zonse zamoyo zidulidwe pamwamba pa malo odwala, zipite kwa iye ku kathanki ka alendo kaja, zizisambitsidwa Loweruka lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi. Thanki yaikulu ikhale yopanda korali wa mtunduwo kuti nyongolotsi zotsalira zife ndi njala. Tsinde ndi mwala wake zisabwererenso m'madzi.

"Pamenepo simudula," anatero mayi, mawu ali otsika. "Bwezerani m'madzi momwe munazipezera."

"Amayi, tikabwezera ifa yonse," anatero Kadontho.

"Izifa ili yathunthu." Atatero analowa kuchipinda.

*

Kadontho anasiya Mphanda m'chidebe cha madzi oyera, Wamchere akuilondera, n'kuwatsatira. Anawapeza atakhala pa bedi, mbali yomwe ankagona bambo, manja ali pamiyendo. Ankayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake mayi anayamba kukamba za kale, maso ali pakhoma.

Anati chaka choyamba cha ukwati bambo anawalonjeza ulendo wokaona nyanja yeniyeni, koma sanapite, chifukwa panalibe womusiyira nsomba. Chaka chachiwiri chimodzimodzi, mpaka anasiya kufunsa. Tsiku lomwe Kadontho anabadwa magetsi anazima, ndipo bambo anafika kuchipatala mochedwa, zala zitachita makwinya ndi kutunga ndi kuthira madzi ndi kapu kuti nsomba zipume. Zaka makumi atatu mayi anadya chakudya chozizira podikira munthu amene anali m'chipinda chomwecho, atangowafulatira. Anawakonda, inde, ndipo atati abwerere lero akanawasiya anyowetse kapeti mmene angafunire. Koma tsiku lomwe anaona manja awiri m'chidebe chija, anaona moyo wawo womwe ukuyambiranso mwa mwana wawo, ndipo anachita mantha.

"Mnyamatayo sindidana naye," anatero. "Akapinda malaya ndimaona bambo ako. N'chifukwa chake ndinamuthamangitsa. Ndinkafuna iwe udzakhale mkazi woyamba m'nyumba mwako."

Kadontho anakhala pansi n'kutsamira mawondo awo monga ankachitira ali mwana. Anawauza kuti mlandu wa nyongolotsi suli pa iwo. Lamulo ankalidziwa ndi iyeyo, ndipo anakhala chete chifukwa anamva mayi ake akuseka. Ponena zimenezo ndi pomwe anamvetsa mbali yachiwiri ya mawu a bambo a kuchipatala aja. Kenako anawakumbutsa kuti chala cha bambo chili pa phala louma, lomwe silifuna madzi. Likhoza kukhala pashelefu, pomwe angamalikhudze ndi dzanja m'malo mosuzumira pagalasi. Koma nthambi zija zikupuma, ndipo ndi zomwe bambo ankadzukira m'mawa.

Mayi anatsegula kabati ya pambali pa bedi n'kutulutsa kapulayala ka bambo kodulira nthambi, kokulungidwa mumpango, kopakidwa mafuta ngati kuti mwini wake abwera mawa.

"Udule iweyo," anatero. "Osati iye."

*

Nthambi yoyamba inalira ngati choko chikuthyoka. Wamchere anagwira mwala kuti usasunthe, akumulozera podula, chala chimodzi pamwamba pa malo oyera, osachitira chifundo nthambi yokayikitsa. Anadula khumi ndi zitatu. Iliyonse anaiyang'ana ndi galasi, kuitsuka, n'kuiika m'chidebe. Yomaliza inali yaing'ono, yogawikana pawiri kunsonga, ndipo onse awiri anaiona.

Tsinde analitsuka pampopi ndi madzi opanda mchere, n'kulikwecha ndi mswachi womwe Adokotala anawapatsa mayi, mphatso yawo yokhayo yomwe inathandiza tsikulo. Mazira atachoka, mizere ya chala inatuluka bwino kuposa mmene inkaonekera m'madzi. Mayi analilandira ndi thaulo ngati khanda, n'kuika chala chawo chachikulu m'kadzenjeko. Chinali chaching'ono, chinalowa n'kutsala malo. Pakati pa thanki panali patatsala bwalo, tinsomba tikungozungulira posowa pobisala.

Wamchere atatsanzika, mayi anamufunsa, maso ali pa thaulo, ngati wadya. Iye anati wadya. Mayi anati Loweruka akamaliza kusambitsa wodwala adzabwere kudzawauza mmene alili, ndipo asadzadyeretu.

*

Kadontho anamuperekeza atanyamula chidebe cha Mphanda, mtima utapepuka koyamba m'miyezi inayi. Dzuwa linali likubisala kuseri kwa nyumba za tsidya la msewu. Anapepesa za uthenga uja, anavomera kuti anapusa. Wamchere anati nayenso akanatha kungolemba mawu oti nyongolotsi, koma atangoona mphatso ya mwamuna wina pafupi ndi Mphanda mutu unaima. Nsanje inalipo ndithu, sangakane, ndipo anaisungadi m'chidebe monga anauzidwira. Anaseka onse awiri. Kadontho anayamba kuwerenga pa zala Maloweruka asanu ndi limodzi, akunena kuti azifika m'mawa ndi beseni loyera, kenako anaona kuti mnzakeyo wasiya kuseka.

"Pali zina," anatero Wamchere ataima pageti. "Milungu isanu ndi umodzi ine ndilibe. Ndili ndi itatu."

Anafotokoza kuti kuli malo ena kutali, m'mbali mwa nyanja, ulendo wa masiku awiri pa basi, kumene amalima makorali m'mathanki olowa madzi a m'nyanja yeniyeni. Chaka chatha anamuitana kawiri, iye n'kukana chifukwa cha Maloweruka a m'nyumba ino. Tsiku lomwe analandira yankho lija loti nsanje aisunge m'chidebe, anasaina pepala la ntchito. Ndi zaka ziwiri, ndipo chipinda chomwe amakhala chinapeza kale wina wolowamo.

"Kathanki ka alendo ndikubweretsera, umalize wekha. Madontho umawadziwa kuposa ine, Mphanda ichira." Anayang'ana chidebecho. "Kapena ipite nane. Kumeneko kuli madzi omwe malemu Ababa ankangowalota. Koma pa basi chidebe sichiikidwa pansi. Chimafuna munthu wochigwira pamiyendo njira yonse, ndipo ine ndidzakhala ndi katundu wambiri."

Munthu amene zaka zonse zija analephera kufunsira, lero wasankha pageti, malaya atanyowa, m'manja mukununkha mankhwala. Kadontho anafuna kumumenya ndi thaulo, anafunanso kuvomera asanapume. Anaganiza za nyanja yomwe mayi ake analonjezedwa zaka makumi atatu zapitazo osaiona. Anaganizanso za pabalaza paja, thanki ya bwalo pakati, ndi mayi ake akudya okha.

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake. Mayi anaima pakhomo, tsinde lija atalikumbatira pachifuwa.

"Kadontho," anaitana. Chimwalirireni bambo, dzinalo linali lisanatulukepo pakamwa pawo, ankangoti mwanawe. "Tabwera undithandize kuwapezera malo bambo ako. Ndekha sindikwanitsa."

Wamchere anatambasula dzanja n'kugwira chogwirira cha chidebe kuti alandire. Kadontho anawayankha mayi ake kuti akubwera, koma dzanja lake silinasiye, ndipo madzi a m'chidebemo anayamba kugwedezeka pakati pa awiriwo.